ZITHUNZI ZA NYAMA NDI MITENGO YA KWATHU: KUCOKERA PA THANTHWE KUFIKA PA KHOMA LA SUKULU

Phunziro lathu la lero ndi la mbiri ya dziko lathu. Masiku ena takhala tikukamba za mafumu, za nkhondo ndi za maulendo a mitundu ya anthu. Lero tikamba za zithunzi za nyama ndi mitengo ya kwathu, ndi za anthu amene akhala akuzijambula kuyambira kalekale kufikira inu amene muli m'kalasi tsopano lino.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Pa nchito yanga yoyendera masukulu amene amamvera maphunziro a pa wailesi, tsiku lina ndinafika pa sukulu ina ya pulaimale m'cigawo ca Kum'mawa. Linali tsiku la cionetsero. Ana anali atajambula nyama ndi mitengo, ndipo aphunzitsi anapacika zithunzizo pa zingwe ndi pa makoma kuti makolo adzaone. Ndinayenda pang'onopang'ono kupenya cimodzi ndi cimodzi. Ndinapeza mitengo yambiri ya maapulo, yobulungira ngati mpira, yodzala ndi zipatso zofiira, cikhalirenico pa mudzi wonsewo panalibe mtengo wa maapulo ndi umodzi womwe. Ndinapezanso tiger, nyama ya mizeremizere ija ya ku Asia, imene sinapondepo m'nkhalango za Afrika. Ana aja anajambula bwino ndithu, koma anatengera zimene anaona m'mabuku.

Kumapeto kwa cingwe kunali cithunzi ca mtsikana wa Giredi 5, cojambulidwa ndi khala pa katoni ya sopo. Unali msuku. Masamba ake aakulu anaunjikana kunsonga za nthambi monga momwe amakhalira, zipatso zinamamatirana ku nthambi, ndipo pansi panali masuku akugwa, nyerere zili pikitipikiti. Agogo ena aakazi anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anati, “Uwu ndi msuku weniweni, ndipo mwanayu anaujambula mvula ili pafupi kugwa.” Agogo aja sanapite ku sukulu, komabe pa katoni ija anawerengapo dzina la mtengo ndi nyengo ya caka.

Mtsikanayo sanadziwe kuti nchito imene anagwira ndi yakale m'dziko muno kuposa sukulu, kuposa pepala ndi pensulo. Tiyeni tsono tibwerere m'mbuyo, tione kumene inayambira.

Ojambula oyamba

Makolo athu olima asanafike kuno, m'dziko muno munali kale anthu amene sanali kulima kapena kuweta. Cakudya cao cinali nyama zimene anasaka ndi mauta, uci, zipatso ndi mizu ya m'thengo. Acewa amawakumbukira ndi dzina lakuti Akafula, ndipo ena amati Abatwa. Anthuwa anali kuthawira mvula ndi dzuwa m'mapanga ndi pansi pa matanthwe. Ku Kalemba, m'boma la Chadiza, wofufuza zamakedzana David Phillipson anakumba pansi pa thanthwe lotere m'caka ca 1971, napeza zida za miyala zosonyeza kuti anthu anayamba kukhala pamalopo zaka zoposa 30,000 zapitazo.

Alenje amenewa ndiwo anatisiyira zithunzi zofiira zimene zili pa matanthwe ambiri m'dziko lathu. Anali kupera miyala yofiira kufikira itasanduka ufa, ndipo ufawo ndiwo unali utoto wao. Zithunzi zao zili mitundu iwiri. Zambiri ndi mizere, madontho, zozungulira ndi zina zonga makwerero. Zoterezi mungazione ku phanga la Nsalu m'dera la Serenje. Zina ndi nyama. Ku Mwela, pafupi ndi Kasama, kuli zithunzi zoposa 1,000 zomwazikana pa miyala, ndipo pakati pa izo pali nyama za mitundumitundu. Kwathu kuno ku Katolola, pafupi ndi Chipata, kuli cithunzi cacikulu ca nchefu.

Taganizani za munthu amene anajambula nchefu imeneyo. Analibe buku lotengerako, ndipo nchefu siima kudikira kuti munthu aijambule. Kuti anzake aizindikire kuti ndi nchefu, anayenera kudziwa cimene cimaisiyanitsa ndi zinzake: nyanga za ngoma zimapiringizika, za mphalapala zimakhotera kumbuyo, pamene za nchefu ndi zoongoka, zopotana kutsinde, ndipo pansi pa khosi lake pamalendewera cikopa. Zonsezi anaziphunzira pobisala m'udzu masiku ambiri, maso ali pa nyama. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Mlenje uja anadekha, ndipo cifukwa ca kudekha kwake ife tikudziwa lero nyama imene inali kudya msipu m'zigwa zimene tsopano ndi minda ya cimanga, nsawa ndi fodya.

Ofufuza ambiri amaganiza kuti zithunzi zimenezi zinali za miyambo, monga ya kusaka, ya mvula ndi ya kubereka. Cinthu cimodzi cokha musunge m'mutu, pakuti tidzabwererako: pa matanthwe, mitengo ndi maluwa sizioneka kawirikawiri. Nyama ndizo zinatenga malo.

Zithunzi zoyera za makolo athu

Pafupifupi zaka 2,000 zapitazo kunafika anthu odziwa kulima, kuumba mbiya ndi kusula citsulo, ndipo m'mbuyo mwao munabwera mitundu ina, kuphatikizapo makolo a Acewa. Alimi nawonso anajambula pa matanthwe, nthawi zina pamwamba penipeni pa zithunzi zofiira za Akafula. Utoto wao unali dothi loyera, ndipo anali kulipaka ndi cala. Zithunzi zoyerazi zili ku Thandwe m'dera la Chipata ndi m'mapiri ena a cigawo cathu. Zili zambirinso kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, kumene kuli malo 127 a zithunzi. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Malire amene ali pakati pa Chipata ndi Dedza ndi a dzulodzulo. Ojambula aja anali anthu amodzi, a cilankhulo ndi miyambo imodzi.

Zambiri mwa zithunzi zoyera zimaonetsa cinthu cotambasula miyendo inai, conga buluzi kapena ng'ona imene mukuiona muli pamwamba. Zimenezi zinali za cinamwali. Anamkungwi anali kupita ndi atsikana ku malo obisika, ndipo zithunzizo zinali kuwathandiza kuphunzitsa ndi kukumbutsa mwambo. Kunena mwacidule, thanthwe linali bolodi, dothi loyera linali coko, ndipo nyama za m'thengo zinali zilembo. Zithunzi zina zoyera zimaonetsa zirombo za Nyau, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa posacedwapa, m'zaka za m'ma 1900.

Za ku dambwe si zanga kuzikamba pano. Zili ndi eni ake. Koma aliyense amene anaonerapo Gule Wamkulu pa bwalo, kapena anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana m'mwezi wa Ogasiti kudzalambira Kalonga Gawa Undi, adziwa kuti zirombo zolemekezeka monga kasiyamaliro ndi njobvu zili ndi maonekedwe a nyama za kwathu. M'caka ca 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu ndi cimodzi ca zinthu zopambana za cikhalidwe ca anthu pa dziko lapansi.

Nanga mitengo inasungidwa kuti, popeza pa thanthwe sinapeze malo? Inasungidwa m'mitu ndi m'kamwa mwa anthu. Mwana anali kuphunzira kwa amai ake kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha. Anali kudziwa mwezi wa masuku, wa masau, wa nthudza ndi wa malambe. Anali kudziwa kuti mlombwa ndi wa mipando ndi zitseko, ndi kuti khungwa la muwawani ndi mankhwala. Nzeru yotere ndi yozama, koma ili ndi bvuto limodzi: nkhalamba ikamwalira isanauze mdzukulu, nzeruyo imapita nayo kumanda.

Alendo ndi mabuku ao

M'caka ca 1858 David Livingstone anayamba ulendo wake wa pa mtsinje wa Zambezi. Anatenga John Kirk, dokotala amene analinso katswiri wa zomera, ndi Thomas Baines, wojambula zithunzi. Kirk anali kuthyola masamba, maluwa ndi zipatso, kuziumitsa pakati pa mapepala, kuzijambula ndi kulemba kumene anazipeza, ndipo zonsezo anali kuzitumiza ku munda waukulu wa zomera wa Kew ku London. Baines anasiyana ndi gululo msanga, koma m'caka ca 1862 anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya pa ulendo wina, najambula zithunzi zimene zinaonetsa anthu a ku Ulaya maonekedwe a mathithiwo ndi nkhalango yake.

Tsono imvani ici. M'mabuku a sayansi a dziko lonse lapansi msuku umachedwa Uapaca kirkiana, ndiye kuti uli ndi dzina la Kirk. Nyamalikiti wa m'cigwa ca Luangwa, amene mtundu wake supezeka kwina kulikonse, m'caka ca 1911 anapatsidwa dzina la Harry Thornicroft, mkulu wina wa boma la atsamunda amene anatumiza cikopa cake ku London. Kodi Kirk ndiye anayamba kudya masuku? Kodi Thornicroft ndiye anayamba kuona nyamalikiti? Iai ndithu. Akunda ndi Abisa a m'cigwamo anali kumdziwa nyamalikiti mibadwo ndi mibadwo. Alendo aja anagwira nchito yabwino imene ikuthandiza akatswiri kufikira lero, ndipo anaigwira motsogozedwa ndi anthu a kuno, amene anali kuwalozera mitengo ndi kuwauza nchito zake. Koma maina amene anakhalira ndi a iwo amene anajambula ndi kulemba.

Pamene masukulu a amishoni ndi a boma la atsamunda anafalikira, mabuku ambiri anali kucokera kunja, ndipo zithunzi za m'menemo zinali za kwao kwa osindikiza. Mwana anayamba kuganiza kuti mtengo woyenera kukhala pa pepala ndi wa m'buku, ndipo wa kuseri kwa nyumba ndi nkhuni cabe. Mitengo ya maapulo imene ndinaona pa cingwe paja ndiyo zidzukulu za mabuku amenewo.

Nkhwazi pa mbendera

Pa 24 Okutobala 1964 dziko lathu linalandira ufulu, ndipo linafunika zizindikiro zakezake. Mbendera imene mumaimirira pamaso pake m'mawa ku sukulu inakonzedwa ndi Mai Gabriel Ellison, wojambula amene anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1930, namwalira mu 2017. Mbali yaikulu ya mbenderayo ndi yobiriwira, kutanthauza zomera ndi cuma ca cilengedwe, ndipo pamwamba pake pali nkhwazi ikuuluka. Nkhwazi inalipo kale pa cizindikiro ca boma la Northern Rhodesia, itagwira nsomba m'zikhadabo zake. Nkhwazi ya Zambia ilibe nsomba, yangotambasula mapiko. Pa cizindikiro ca boma lathu, pansi pa mwamuna ndi mkazi aja, muyang'ane bwino: mudzapeza mbidzi ndi cisononkho ca cimanga. Mai Ellison anajambulanso masitampa ambiri a positi oonetsa mbalame, nyama ndi zina za m'dziko muno, kotero kuti kalata iriyonse yopita kunja inali kunyamula kacithunzi ka kwathu.

Ndalama nazo zinasanduka cionetsero coyenda m'matumba a anthu. Pamene Kwacha ndi ngwee zinayamba kugwira nchito m'caka ca 1968, pa kobiri la 20 ngwee panali mphoyo, pa la 5 ngwee panali duwa la m'thengo, ndipo pa la 2 ngwee panali ciombankhanga. Ndalama za pepala zimene zinatuluka mu 2013 zinapatsa mitengo ulemu umene sinaupeze pa matanthwe. Iriyonse inali ndi nkhwazi, mtengo umodzi ndi nyama imodzi: K5 inali ndi tsanya ndi mkango, K10 msuku ndi nungu, K50 mkuyu ndi nyalugwe, K100 mlambe ndi njati, ndipo K20 inali ndi mlombwa pamodzi ndi lechwe wakuda, nyama yonga nswala ya m'madambo a Bangweulu. Msuku uja wa kuseri kwa mudzi unakwera pa ndalama ya dziko.

Mwina wina wa inu akuti, zimenezo ndi za akuluakulu, ine ndine mwana. Mverani za Henry Tayali. Iye anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943, nakulira ku Bulawayo kumene atate ake anali pa nchito. Akulu ena ataona luso lake akali pa sukulu anamlimbikitsa, ndipo zithunzi zake zinaonetsedwa kwa anthu ali ndi zaka 15 zokha. Pambuyo pake anakaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, nakhala mmodzi wa ojambula ndi osema ochuka a dziko lathu. Iye makamaka anali kujambula anthu ndi umoyo wao, ndipo cifanizo ca wophunzira womaliza maphunziro cimene cili pa University of Zambia ndi nchito ya manja ake. Anamwalira mu 1987, ndipo nyumba yoonetseramo zithunzi ku Showgrounds mu Lusaka inachedwa dzina lake. Zonsezi zinayamba pamene munthu wamkulu anaima pa cithunzi ca mwana, nacipenya mofatsa. M'mera mpoyamba.

Chongololo ndi cipembere

M'caka ca 1972 bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa timagulu ta Chongololo m'masukulu a pulaimale, pamodzi ndi kamagazini ka zithunzi kophunzitsa ana za nyama, mbalame, tizirombo ndi mitengo. Mu 1978 kunayamba pulogalamu ya pa wailesi yochedwa Chongololo Club of the Air, ndipo mu 1990 nchito imeneyi inalandira mphoto ya Global 500 kucokera ku nthambi ya United Nations yoona za cilengedwe. Dzina la timaguluti ndi la bongololo, kacirombo ka miyendo yambiri kamene timakapeza m'njira mvula ikagwa. Ine ndinali mmodzi wa ana amene anali kuzinga wailesi kumvera pulogalamuyo. Mphunzitsi wathu anali kutituma kukatola nthenga, makoko a mbeu ndi masamba, ndipo anali kukana kutiuza dzina la cinthu tisanacijambule.

Koma m'zaka zomwezo m'nkhalango munali kucitika zoopsa. Akatswiri amayerekeza kuti m'zaka za m'ma 1970 dziko lathu linali ndi zipembere zakuda pafupifupi 12,000, ndipo zambiri zinali m'cigwa ca Luangwa. Opha nyama mozembera lamulo anazilondalonda ndi mfuti cifukwa ca nyanga zake, zimene zinali kugulitsidwa ku Yemen kukapanga zigwiriro za mipeni, ndi ku maiko ena a ku Asia kukapanga mankhwala, ngakhale kuti nyanga ya cipembere ndi yofanana cabe ndi zikhadabo ndi tsitsi lathu. Sipanapite zaka 30, zonse zinatha. M'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso cipembere cakuda.

Taimani pang'ono pamenepa. Mwana wa ku Mfuwe wa m'zaka zimenezo, mphunzitsi akati ajambule cipembere, anayenera kutsegula buku, monga momwe anzake aja anacitira pojambula tiger. Nyama imene agogo ake anali kuipatukira pa njira ya kumtsinje inasanduka nyama ya m'buku. Pafupi ndi Mfuwe pomwepo, m'caka ca 2001, panatsegulidwa malo ophunzitsira ana za cilengedwe a bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust, lochedwa dzina la nyama imene ana ophunzirapo anali asanaionepo.

M'caka ca 2003 zipembere zisanu zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa, nizitulutsidwa m'nkhalango ya North Luangwa. Pofika mu 2010 zimene zinabweretsedwa zinakwana 25, ndipo zinayamba kuswana, asilikali a nyama akuzilonda usana ndi usiku. Ndi nkhani yokondweretsa, koma yerekezani 25 ndi 12,000. Madzi akatayika saoleka. Cimene tingathe ndi kutunga ena pang'onopang'ono, ndi thukuta lambiri.

Mitengo nayo ingathe kutha. M'zaka za pambuyo pa 2010 mtengo wa mukula, wa thabwa lofiira, unadulidwa kwambiri makamaka m'zigawo za kumpoto, nutumizidwa ku China kukapanga mipando ya mtengo wapatali. Mtengo umene umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime unali kugwa m'mphindi zocepa. Mu 2019 maiko anagwirizana kuika mukula pa mndandanda wa pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi. Ndipo pafupi ndi midzi ndi matauni athu, nkhwangwa ya wootcha makala imagwetsa tsiku ndi tsiku mitengo imene ana ambiri sadziwa ndi maina ake omwe. Cinthu cimene munthu sacidziwa dzina, cikasowa sacilira.

Cionetsero ca pa sukulu panu

Mwaona tsopano kuti kujambula nyama ndi mitengo ya kwathu kwagwira nchito zambiri m'mbiri yathu. Kwa mlenje kunali mwambo, kwa namkungwi kunali phunziro, kwa mlendo kunali sayansi, ndipo kwa dziko laufulu kunali cizindikiro. Kwa inu kungakhale umboni wa zimene zili m'dera lanu caka cino. Cifukwa cake ndikupempha sukulu iriyonse imene ikumvera kuti ikonze cionetsero cake temu ino isanathe.

Musadandaule kuti mulibe utoto wa m'sitolo. Khala ndi mwaye zimapatsa kuda, dothi la pa culu ndi la kudambo limapatsa kufiira ndi kuyera, ndipo masamba osinja amapatsa kubiriwira. Kamtengo kotafuna kunsonga kapena nthenga ya nkhuku ndiyo burashi. Makatoni ndi mapepala a matumba a simenti akwanira. Ofuna kuumba aumbe ndi dothi, monga acitira abusa a ng'ombe kudambo.

Inu ana, sungani malamulo awa. Coyamba, jambulani cinthu ca m'dera lanu cimene mwaciona ndi maso anu. Sikofunika kuti cikhale njobvu; nanzikambe, fulu, mpheta, cinziri, ciwala, bowa, tsamba la mpoza, zonsezi ndi zoyenera khoma. Caciwiri, yambani mwakhala cete ndi kupenya musanagwire khala. Werengani miyendo, onani m'mene masamba akhalira pa nthambi, ngati ali awiriawiri kapena mosinthana. Cacitatu, musaphe kanthu kapena kupasula cisa kuti mujambule, ndipo musayandikire njoka, ng'ona kapena nyama iriyonse yoopsa. Cacinai, pansi pa cithunzi lembani dzina la cinthuco m'cilankhulo canu, malo amene munacipeza, mwezi ndi caka, ndi nchito yake monga momwe agogo akuuzirani, ndipo mulembenso dzina lanu ndi la agogowo. Potero mudzacita zimene Kirk anacita, ndi kuonjezapo cimene iye anasiya.

Inu aphunzitsi anzanga, ndikupemphani zinthu zitatu. Musayambe mwajambula mtengo pa bolodi, pakuti mukatero mudzalandira mitengo makumi anai yofanana ndi wanu. Tulukani ndi ana panja, aliyense asankhe wake. Pa tsiku la cionetsero itanani a mfumu ndi nkhalamba za m'mudzi, ndipo muwalole kukonza maina ndi kufotokoza nchito za zomera. Mudzadabwa kuona ana akulemba mau amene mulibe m'buku liri lonse la sukulu. Pomaliza, cionetsero cikatha musasonkhezere moto zithunzizo. Zisokeni pamodzi zikhale buku, lisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Pakapita zaka 20, buku limenelo lidzauza ana a ana awa mbalame zimene zinali kulira pa mtsinje wao ndi mitengo imene inali pa phiri lao, ndipo iwo adzatha kuona zimene zatsala ndi zimene zasowa.

Ngati sukulu yanu ili pafupi ndi matanthwe a zithunzi, pitani mukaone mutapempha cilolezo kwa eni malo. Musakhudze zithunzizo, musathirepo madzi, musasonkhe moto pafupi, ndipo musalembepo maina anu. Malo otere amatetezedwa ndi lamulo, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Anzanu akale aja anakusiyirani cionetsero cao cili bwino. Inunso mucisiyire ena.

Ndisanacoke pa sukulu ija ndinafunsa mtsikana wa msuku cifukwa cimene anasankhira mtengo umenewo. Anayankha mwamanyazi kuti buku la zithunzi linali limodzi, anzake analanda, ndiye iye anangopita kuseri kwa kalasi. Ndinamuuza kuti caka camawa atenge anzakewo apite nao kuseri komweko.

Mafunso oti mukambirane m'kalasi

1. Kodi zithunzi zofiira ndi zoyera za pa matanthwe zinajambulidwa ndi ayani, ndipo utoto wake unali kucokera ku ciani?
2. Cifukwa ciani msuku uli ndi dzina la John Kirk m'mabuku a sayansi?
3. Chulani nyama ziwiri ndi comera cimodzi zimene zili pa cizindikiro ca boma la Zambia.
4. Fotokozani zimene zinacitikira cipembere cakuda m'zaka za 1998 ndi 2003.
5. Funsani agogo anu maina a nyama kapena mitengo itatu imene inalipo kwanu iwo ali ana, koma lero sioneka. Lembani mainawo, mubwere nao ku sukulu.